St Helena: chilumba cha akaidi, masitepe 699 ndi ndege yodikira mphepo

Tadala_Jozi

Moni nonse pagulu pano. Amene mumachidziwa bwino chilumba cha St Helena tandithandizeni. Dzinali limaoneka pa bolodi la ndege za Loweruka pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg, koma chomwe ambirife tinaphunzira n'choti n'komwe anafera Napoleon, basi. Kodi kuli chiyani choti munthu n'kutayira ndalama zake? Ulendo wake umayenda bwanji, nanga mwezi wabwino ndi uti?

Mphunzitsi_Wambiri

Mayi Tadala, tiyambe ndi pomwe chili, chifukwa mbiri yake yonse ndi mavuto ake a lero zimachokera pa kutalikira kwake. Chili pakati pa nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 1,950 kuchokera kugombe la Angola ndi Namibia. Mtunda woyandikira ndi chilumba china, Ascension, pa makilomita 1,300. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 122, kapena kuti makilomita 16 mulitali ndi 8 mulifupi, ndipo kalembera wa 2021 anapeza anthu 4,439. Chili pansi pa Britain, pamodzi ndi Ascension ndi Tristan da Cunha.

Apwitikizi anachipeza mu 1502 chilibe munthu. Anasiyapo mbuzi ndi nkhumba, n'kubzala mandimu ndi zipatso zina, kuti sitima zawo zochokera ku India zizipezapo madzi abwino ndi chakudya. Amalinyero odwala ankawasiya pomwepo kuti sitima yotsatira idzawatenge atachira. Woyamba kukhazikika anali Fernão Lopes, msilikali wachipwitikizi yemwe anamudula mphuno, makutu, dzanja lamanja ndi chala chachikulu chakumanzere ku Goa, ku India, pomulanga kuti anagwirizana ndi adani. Pobwerera kwawo anatsika pachilumbachi n'kukana kukweranso. Anakhalapo zaka pafupifupi 30, nthawi zambiri ali yekha, mpaka anafera pomwepo mu 1545.

Angerezi anabwera mu 1659 kudzera mu East India Company, bwanamkubwa woyamba ali John Dutton. Adatchi anachilanda kumayambiriro kwa 1673, Angerezi n'kuchilandanso mu Meyi chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo chigwa chilichonse chomwe bwato likanatha kukocheza anachitseka ndi khoma ndi mizinga. N'chifukwa chake lero kulikonse mukayang'ana m'mphepete mwa nyanja mumaona malinga ogumuka. Boma la Britain linatenga ulamuliro kuchoka kwa kampani ija mu 1834.

Chuma chonse chinali sitima zodutsa. Mu 1855 kunaima sitima pafupifupi 1,100. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869 njira ya ku India inasintha, ndipo pofika 1889 zinatsala 288. Chilumbachi sichinadzukenso bwinobwino kuchokera apo, ndipo mpaka lero bajeti yake imadalira thandizo la London.

NaPhiri_Maulendo

Za ulendo ndi izi, achemwali. Ndege yapaulendo ndi ya Airlink yokha, Embraer E190, ndipo chaka chonse imanyamuka Loweruka m'mawa ku Johannesburg. M'miyezi yotentha amawonjezera ina pakati pa sabata, ndipo zaka zapitazi ina yakhala ikunyamukira ku Cape Town. Popita imatera ku Walvis Bay kukamwetsa mafuta, ulendo wonse n'kukwana maola pafupifupi 6. Pobwera imalunjika ku Johannesburg. Nthawi ya kumeneko ndi GMT, ndiye wotchi mubweze maola awiri.

Wochokera ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka afike ku Johannesburg Lachisanu n'kugona. Pobwerera musagule tikiti yolumikiza ya tsiku lomwelo kapena mawa lake yomwe singasinthidwe. Siyani masiku awiri kapena atatu, apo ayi gulani yosinthika. Chifukwa chake ndi mphepo ndi chifunga pabwalo la kumeneko: ndege imatha kuimitsidwa tsiku limodzi, awiri, ngakhale kupitirira.

Polowa amafuna pasipoti yomwe idakali ndi miyezi yokwanira, tikiti yobwererera, umboni wa komwe mukagone, ndi inshuwalansi ya zachipatala yomwe ikunena poyera kuti imalipira ndege yokunyamulani mukadwala kwambiri. Imeneyi musaichepse, amaiyang'anadi. Chipatala cha ku Jamestown, likulu la chilumbachi, chimathandiza matenda wamba ndi maopaleshoni ena, koma matenda aakulu amatumiza ku South Africa.  Viza ya ku UK si ya ku St Helena, chilumbachi chili ndi malamulo akeake olowera, ndiye yang'anani mndandanda wa boma lawo molingana ndi pasipoti yanu musanalipire tikiti. Omwe akufunika viza amafunsira pa intaneti.

Gama_Leeds

Si bwalo lija manyuzipepala a kuno ankalinyoza kuti ndi lopanda ntchito kuposa onse padziko? Mapaundi 285 miliyoni a okhoma msonkho, ndege osatera. Ine ndingaope kukwera.

Injiniya_Mbewe

A Gama, nkhaniyo ndi ya 2016, ndipo inali ndi maziko ake, koma inapitirira pamenepo. Chomwe chinachitika n'chakuti malo athyathyathya pachilumbachi ndi osowa, ndiye bwalo analimanga pa Prosperous Bay Plain, pamwamba pa maphompho, mamita pafupifupi 300 kuchokera pamadzi. Kuti msewu wa ndege ukwane mamita 1,950 anachita kukwirira chigwa chonse cha Dry Gut ndi miyala yokwana makiyubiki mita pafupifupi 8 miliyoni. Ntchitoyo inagwiridwa ndi kampani ya ku South Africa.

Vuto lili apa. Mphepo ya kumeneko imawomba kuchokera kummwera chakum'mawa pafupifupi chaka chonse. Ndege imafuna kutera moyang'anizana ndi mphepo, ndiye iyenera kubwera kuchokera kumpoto. Koma kumpotoko kuli matanthwe a King and Queen Rocks ndi phiri la The Barn, omwe amaswa mphepo ija n'kuyamba kuzungulira ndi kusintha liwiro mwadzidzidzi ndege ili pafupi kugunda pansi. Boeing 737-800 yomwe anayesera mu Epulo 2016 inatera paulendo wachitatu. Mukabwera kuchokera kummwera mpweya ndi wodekha, koma mphepo imakukankhani kumbuyo, ndiye pamafunika msewu wautali kapena ndege yopepuka.

Yankho lake linali ndege yaing'onopo yomwe ingathe kutera mbali zonse ziwiri. E190 inayamba maulendo pa 14 Okutobala 2017. Samadzaza mipando yonse, chifukwa kulemera kwina kumapita ku mafuta: palibe bwalo lina pafupi, choncho ndege iyenera kukhala ndi mafuta ozungulira m'mwamba nthawi yaitali kapena othawira ku Ascension kapena kubwerera ku Namibia. Ndicho chifukwa chake tikiti ndi yodula, ndichonso chifukwa chake nyengo ikakayikitsa sanyamuka n'komwe. Kuchedwa komwe a NaPhiri akunena ndi chitetezo chimenecho. Kale njira inali sitima ya RMS St Helena, masiku 5 kuchokera ku Cape Town, ndipo inapuma ntchito mu Febuluwale 2018.

Tadala_Jozi

Zikomo bambo Mbewe, mtima wakhalako pansi. Nanga za Napoleon zomwezo, chatsala n'chiyani choti munthu n'kuona ndi maso?

Mphunzitsi_Wambiri

Malo atatu, ndipo onse ndi a boma la France, mbendera yake imakupiza pamenepo. Anafika mu Okutobala 1815 pa sitima ya HMS Northumberland, atagonja ku Waterloo. Miyezi iwiri yoyamba anakhala pa The Briars, kanyumba ka chipinda chimodzi m'munda wa banja la Balcombe, kumtunda kwa Jamestown. Apa ndi pamene ankaoneka womasuka, ankasewera ndi ana a m'banjamo. Mu Disembala anamusamutsira ku Longwood House, kumtunda kwachinyezi ndi mphepo, nyumba yomwe anthu ake ankadandaula kuti ndi ya nkhungu ndi makoswe. Anafera momwemo pa 5 Meyi 1821. Madokotala omwe anang'amba mtembo anapeza nthenda m'chifu, ndipo akatswiri ambiri amati inali khansa, ngakhale nkhani yoti anamudyetsa poizoni siitha m'kamwa mwa anthu.

Ku Longwood muyang'ane zinthu ziwiri zomwe ambiri amazidutsa. Pa zotsekera mawindo pali timabowo tomwe amati anaboola kuti azisuzumira alonda iwo osamuona. M'munda tinjira tina ndi tokumbidwa kutsika, kuti akamayenda asamaoneke kwa asilikali. Bwanamkubwa Hudson Lowe ankafuna kuti msilikali azimuona ndi maso tsiku lililonse, ndiye moyo wake wonse unasanduka wobisalirana. Mantha a Britain anali aakulu moti anaika asilikali ngakhale ku Ascension ndi ku Tristan da Cunha kuopa kuti wina angadzere kumeneko kudzamuthawitsa.

Achitatu ndi manda ku Sane Valley. Mumasiya galimoto pamsewu n'kutsika wapansi mphindi 10 kapena 15 panjira ya udzu. Mandawo ndi opanda kanthu, mtembo anautengera ku Paris mu 1840. Mwala wake ulibe dzina: Afalansa ankafuna kulemba Napoleon pokha monga mfumu, Lowe anaumirira kuti awonjezere Bonaparte, ndiye sanalembe chilichonse. Maola otsegulira malowa ndi ochepa, makamaka The Briars. Pitani ku ofesi ya zokopa alendo pa Main Street ku Jamestown Lolemba m'mawa mukakonze tsiku. Onse atatu amatheka tsiku limodzi.

Nachisale_Zomba

Aphunzitsi, mwalongosola bwino, koma ine ndimadana nazo kuti nkhani ya chilumbachi izingozungulira mzungu mmodzi yemwe anakhalako zaka zosakwana 6 ali ndi antchito ndi vinyo. Kwa ife a ku Africa malo oyamba kupitako ndi Rupert's Valley, chigwa choyandikana ndi Jamestown.

Mu 1840 Britain inakhazikitsa khoti la zapanyanja pachilumbachi loweruza sitima za akapolo zomwe asilikali ake ankagwira zikupita ku Brazil ndi Cuba. Kuyambira chaka chimenecho mpaka cha m'ma 1860, anthu oposa 25,000 anatsitsidwa pamenepo. Ambiri anali ochokera kumadera a Angola ndi Congo. Ankafika atatheratu ndi kamwazi, nthomba ndi njala, ndipo msasa wake unali wa matenti m'chigwa chouma chopanda mthunzi. Pafupifupi 8,000 anamwalira n'kukwiriridwa m'chigwamo, ambiri m'maenje osaya, angapo dzenje limodzi. Opulumuka sanabwezedwe kwawo. Ochuluka anawatumiza ku Jamaica, Trinidad ndi British Guiana kukagwira ntchito ya kontrakiti m'minda ya nzimbe, ena ku Cape, ndipo mazana ochepa anatsala pachilumbapo. Ndiye mawu oti anamasulidwa muziwamva mosamala.

Mu 2008, pokonza msewu wonyamulira zipangizo za bwalo la ndege, akatswiri ofukula zakale anatulutsa mafupa a anthu 325. Pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali mwana wosapitirira zaka 12. Ena anali ndi mano osemedwa monga mwa miyambo ya kwawo, ena mikanda idakali pakhosi. Mafupawo anakhala m'mabokosi m'nyumba yosungiramo katundu ku Jamestown zaka 14, anthu akukangana za ndalama ndi malo, mpaka anawaikanso m'manda mu Ogasiti 2022.

Musayembekezere malo okongoletsedwa. M'chigwa chomwecho muli nyumba yopangira magetsi, matanki a mafuta ndi doko la katundu. Pitani ndi wokuperekezani wodziwa malire a mandawo, chifukwa pansi pomwe mukuponda pambali pa msewu pakhoza kukhala pamanda. Zinthu zina zomwe anafukula zili ku nyumba yosungirako zakale ku Jamestown.

Mphunzitsi_Wambiri

Mayi Nachisale mwalasa, ndipo ndiwonjezere kuti ukapolo unaliponso pachilumba penipenipo zimenezi zisanachitike. East India Company inkabweretsa akapolo kuchokera ku Madagascar, kugombe la Africa ndi ku Asia. Kubweretsa atsopano kunaletsedwa mu 1792, ana obadwa kuyambira pa Khirisimasi ya 1818 ankabadwa mfulu, ndipo otsalawo anamasulidwa m'magulumagulu m'zaka za m'ma 1830. Kuyambira 1810 kunabweranso antchito a ku China, omwe panthawi ina anapitirira 600. Anthu a kumeneko, omwe amadzitchula kuti ma Saints, ndi magazi onsewa osakanikirana.

Ndipo Napoleon sanali mkaidi yekhayo. Dinuzulu, mwana wa Cetshwayo, mfumu ya Azulu, anasungidwako kuyambira 1890 mpaka 1897 pamodzi ndi abale a bambo ake, Ndabuko ndi Shingana. Mwana wake Solomon, yemwe anadzalowa ufumu, anabadwira komweko, ndipo ndiye agogo a malemu Goodwill Zwelithini. Angoni pagulu pano dziwani kuti Dinuzulu anali mdzukulu wa Mpande, m'bale wake wa Shaka yemwe nkhondo zake zinasamutsa makolo anu. Mu 1907 anabweretsanso mafumu 25 a Azulu nkhondo ya Bambatha itatha. Pakati pa 1900 ndi 1902 kunali akaidi a Mabunu pafupifupi 6,000, kuphatikizapo General Piet Cronjé, m'misasa ya Deadwood Plain ndi Broad Bottom. Manda awo ali ku Knollcombes, m'mizere yokwera phiri, miyala yake ili ndi manambala ndipo mayina analembedwa pa zipilala ziwiri. Khalid bin Barghash wa ku Zanzibar, uja anagonja pankhondo yosakwana ola limodzi mu 1896, naye anakhalako kuyambira 1917 mpaka 1921.

Gama_Leeds

Chabwino, ndagonja pa za mbiri. Ma Saints ambiri ali kuno ku UK, makamaka ku Swindon, ena amagwira ntchito ku Falklands ndi Ascension. Lamulo la 1981 linawalanda ufulu wokhala ku Britain ndipo unabwerera mu 2002. Koma tandiuzeni zoona, munthu wosakonda manda ndi nyumba zakale akachitako chiyani sabata yathunthu? Kuli magombe a mchenga?

Mlowamadzi

A Gama, wofuna kugona pamchenga apite ku Mauritius. St Helena ndi phiri lophulika lomwe linazima zaka mamiliyoni 7 zapitazo, ndipo mbali zonse ndi maphompho. Ku Sandy Bay kuli mchenga wakuda koma madzi ake amakoka pansi, osasambirako. Anthu amasambira pa masitepe a doko la Jamestown, ku Rupert's, ndi ku Lemon Valley komwe mumapita pa bwato.

Chuma chili m'madzimo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, makamaka Januwale ndi Febuluwale, kumabwera ma whale shark, nsomba zazikulu kuposa zonse, zina zopitirira mamita 10. Sizidya anthu, zimasefa tizamoyo ting'onoting'ono m'madzi. Chodabwitsa kumeneko n'chakuti zazimuna ndi zazikazi zokhwima zimabwera zochuluka mofanana, zomwe sizionekaoneka kwina, ndipo asayansi akuganiza kuti n'komwe zimakwerana. Malamulo ake ndi okhwima: mumapita ndi bwato lokhala ndi chiphaso, mumalowa m'madzi anthu ochepa nthawi imodzi, ndi magalasi ndi kapaipi kopumira basi popanda mabotolo a mpweya, mukhale mamita osachepera 3 kuchokera pa nsombayo, osaigwira, osaitchinga kutsogolo, osajambula ndi kuwala. Cholakwika chomwe alendo amachita n'kudumphira m'madzi mwaphokoso n'kuyamba kuithamangitsa. Imangomira pansi, onse m'bwato n'kutaya mwayi. Tsetserekani mwakachetechete, yandamani, imabwera yokha kudzakuonani.

Anangumi amabwera ndi ana awo kuyambira Juni mpaka Disembala. Ma dolphin alipo chaka chonse, m'magulu a mazanamazana. Kwa odziwa kumira, mu James Bay, padoko la Jamestown pomwepo, muli sitima ya Papanui yomwe inapsa mu 1911 itanyamula anthu opita ku Australia. Onse anatsika amoyo, ndipo ili posaya moti chitsulo chake china chimaonekera pamwamba. Darkdale, sitima ya mafuta yomwe inaphulitsidwa ndi sitima yapansi pamadzi ya Germany mu Okutobala 1941, ili pakuya ndipo ndi manda a anthu 41, ndiye sutengapo kanthu. Madzi amakhala pakati pa madigiri 19 ndi 25. Miyezi ya ma whale shark yomweyo ndi yomwenso nthawi zina kumabwera mafunde aakulu ochokera kumpoto omwe amatseka doko masiku angapo, choncho ulendo wa bwato muuike kumayambiriro kwa sabata kuti ukalephereka mukhale ndi tsiku lina. Omira ndi mabotolo asiye maola 24 asanakwere ndege.

Tadala_Jozi

Nanga masitepe aja amaoneka pa zithunzi? Munthu wamba angakwere, kapena ndi za othamanga?

Injiniya_Mbewe

Jacob's Ladder. Masitepe 699 kuchokera ku Jamestown kukafika pa Ladder Hill, kukwera mamita pafupifupi 180. Poyamba sanali masitepe okha. Mu 1829 anamanga njanji ziwiri zotsetsereka, ngolo zikukokedwa ndi chingwe chomwe abulu ankazunguza pamwamba, kukweza manyowa a m'makola a m'tauni ndi katundu, kutsitsa zokolola. Chiswe chinadya matabwa a njanjiyo ndipo mu 1871 anaichotsa n'kusiya masitepe. Chiswe chomwecho akuti chinabwera ndi matabwa a sitima ya akapolo yomwe anaiphwasulira pachilumbapo m'ma 1840, ndipo chinawononga nyumba zambiri za Jamestown. Ndicho chifukwa chake nyumba zina zakale muona zili ndi mizati ndi mitanda yachitsulo.

Munthu wamba amakwera, mayi, mphindi 15 mpaka 30 akupumira. Othamanga kwambiri amangopitirira pang'ono mphindi 5. Chovuta n'chakuti sitepe iliyonse ndi yaitali kupitirira masentimita 25, ndiye ntchafu zimatopa msanga. Kwerani m'mawa dzuwa lisanawombe thanthwelo, gwirani zitsulo mbali zonse ziwiri muzidzikoka ndi manja, madzi akhale m'chikwama chakumsana. Kutsika n'koopsa kuposa kukwera: maondo amanjenjemera ndipo tauni yonse imaoneka pansi pa mapazi anu. Wa chizungulire kapena wa BP akwere galimoto akaonere pamwamba. Nyumba yosungirako zakale ili patsinde pomwepo ndipo imagulitsa satifiketi kwa omwe akwera. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha St James cha 1774, chakale kuposa matchalitchi onse a Anglican kummwera kwa dziko lapansi.

Wazachilengedwe

Ndilowepo pa za kumtunda, chifukwa wongoona matanthwe ouma a kugombe angaganize kuti chilumba chonse ndi chipululu. St Helena ili pa mzere umodzi ndi Blantyre, madigiri pafupifupi 16 kummwera, koma madzi ozizira a m'nyanja otchedwa Benguela ndi mphepo ija zimaiziziritsa. Ku Jamestown kumatentha madigiri 20 mpaka 28 ndipo mvula ndi yochepa kwambiri. Mukangoyenda mphindi 15 pagalimoto kukwera mumalowa m'dziko lobiriwira, kozizira ndi madigiri 5 kapena 6, kamvula kowaza ngati chiperoni. Juzi ndi jekete ya mvula musasiye ngakhale mu Febuluwale.

Nsonga yake ndi Diana's Peak, mamita 818. Kumeneko kwatsala kankhalango kakang'ono komwe mitengo yake imakama madzi kuchokera ku mitambo, ndipo madzi ambiri omwe anthu amamwa pachilumbapo amachokera kumapiri amenewa. Chilumbachi chili ndi zomera ndi tizilombo toposa mitundu 500 tomwe kulibe kwina kulikonse. Zambiri zinatha kale. Mbuzi za Apwitikizi zija zinadya mphukira, anthu anadula nkhuni ndi kusenda makungwa ofufutira zikopa, dothi n'kukokoloka. Kenako kunabwera fulakesi wa ku New Zealand, yemwe kuyambira 1907 anali ulimi waukulu wopangira zingwe. Positi ofesi ya ku Britain itasintha n'kuyamba zingwe zapulasitiki, mafakitale anatsekedwa pofika 1966, koma chomeracho chinatsala ndipo chaphimba mapiri. Pa chithunzi chimakongola, koma ndi mdani, ndipo ogwira ntchito amachizula ndi manja pamalo otsetsereka kuti abzale mitengo yachilengedwe.

Mtengo wa St Helena olive womaliza unafa mu 2003. Wa ebony ankauyesa kuti unatha mpaka mu 1980 pamene anapeza zitsamba ziwiri paphompho, munthu n'kutsika ndi chingwe kukathyola nthambi, ndipo yonse yomwe ilipo lero inachokera pamenepo. Ku Millennium Forest, komwe anayamba mu 2000 pamalo pomwe panali nkhalango yaikulu, mlendo amalipira pang'ono n'kubzala mtengo wa gumwood. Kuyambira 2023 boma lakhala likutseka njira za kumapiri amenewa, otchedwa Peaks, chifukwa cha matenda a mitengo omwe amayenda ndi dothi la kunsapato. Funsani ngati zatsegulidwa, ndipo pomwe pali potsukira nsapato tsukani.

Mbalame yawo ndi wirebird, kambalame ka miyendo yowonda komwe kamaikira mazira pansi, ndipo zatsala mazana ochepa. Amphaka olowerera ndi makoswe ndiwo amazitha. Malo abwino ozionera ndi Deadwood Plain, pomwe panali msasa wa Mabunu paja. Kuona maso a nkhono n'kudekha: imani phee, muiona ikuthamanga m'maudzu. Ikamakoka phiko ngati yathyoka ndiye kuti mwayandikira chisa, bwererani momwe munadzera.

Nachisale_Zomba

Mwaiwala Jonathan, ana akakufunsani.

Wazachilengedwe

Zoona mayi. Fulu wamkulu wochokera ku Seychelles, anabwera mu 1882 ali wokhwima kale, ndiye amawerengera kuti anaswedwa cha m'ma 1832. Ndi nyama yapamtunda yakale kuposa zonse zomwe zikudziwika. Amakhala pa kapinga wa Plantation House, nyumba ya bwanamkubwa yomangidwa mu 1792. Saona chifukwa cha ng'ala ndipo sanunkhiza, ndiye amachita kumudyetsa pamanja zipatso ndi masamba. Pali kanjira ka mpanda komwe mumamuonera nthawi iliyonse masana. Kumukwera kapena kumugwira n'koletsedwa. Kulowa m'nyumbamo n'kochita kupangana tsiku.

Okonda kuyenda, pali njira 21 zotchedwa Post Box Walks. Kumapeto kwa iliyonse kuli bokosi lokhala ndi buku losainamo ndi chidindo. Anazipatsa manambala a kuvuta kwake. Flagstaff ndi Heart Shaped Waterfall n'zapafupi, ngakhale mathithiwo amauma mvula ikasowa. Lot's Wife's Ponds ndi The Barn musapite nokha: kanjira n'kopapatiza, miyala yake imagumuka pansi pa phazi, potsikira kumadziwe pali chingwe, mthunzi palibe ndipo foni sigwira. Wokuperekezani, malita awiri a madzi munthu aliyense, ndi kuuza komwe mukugona nthawi yomwe mubwerere.

NaPhiri_Maulendo

Zotsala zazing'ono zomwe zimasowetsa mtendere. Ndalama yawo ndi paundi ya St Helena, yofanana mphamvu ndi ya ku UK, ndipo ya ku UK imayenda. Ya St Helena kunja kwa chilumbacho ndi Ascension siisinthika, ndiye muithere komweko. Makadi a kubanki zakunja salandiridwa m'malo ambiri. Tengani mapaundi m'manja. Bank of St Helena imapereka ndalama pa kadi koma imadula kena kake, ndipo ili ndi kadi ya alendo ya pafoni yomwe mumaikamo ndalama musananyamuke.

Galimoto yobwereka musungitse miyezi isanakwane, zilipo zochepa ndipo zambiri ndi za magiya. Amayenda kumanzere. Misewu ndi yopapatiza, yokhotakhota, ndipo lamulo ndi loti wotsika apatse njira wokwera. Potsikira ku Jamestown pamsewu wa Ladder Hill kapena wa Side Path gwiritsani giya yotsika, mukadalira mabuleki okha amatentha. Lizani hutala pa makona osaoneka kutsogolo. Aliyense wodutsana naye amakweza dzanja, inunso kwezani, kupanda kutero amakuonani wamwano.

Mashopu ambiri amatseka Lachitatu masana ndi Lamlungu, ndipo poti ndege imafika Loweruka masana, gulani zofunika tsiku lomwelo. Katundu amabwera pa sitima, ndiye ikachedwa zinthu ngati anyezi, mbatatesi ndi zipatso zimasowa m'mashelefu. Malo odyera ena amafuna muwauziretu. Mulawe makeke a nsomba ya tuna, mpunga wa plo wophikira mumphika umodzi ndi nyama kapena nsomba, ndi khofi wawo, yemwe mbewu yake inachokera ku Yemen mu 1733. Kuli kachasu wa fakitale wotchedwa Tungi, wopangidwa ndi zipatso za chomera chaminga. Intaneti inayamba kuthamanga mu 2023 atalumikiza chingwe cha pansi pa nyanja cha Equiano, koma SIM ya kwanu musaidalire, mukagule ya komweko.

Tadala_Jozi

Mwandithandiza kwambiri nonse. Ndiye ndikuona ngati Febuluwale, sabata imodzi. Kafunso komaliza: mphatso za kwa eni nyumba, monga uchi ndi mtedza wa kumudzi, ndinganyamule?

Wazachilengedwe

Uchi ayi, mayi, ndi woletsedwa kotheratu chifukwa njuchi zawo zilibe matenda omwe ali kumtunda kuno, ndipo akaupeza amalanda. Zipatso, masamba, mbewu ndi chilichonse chomwe chingamere zimafuna chilolezo, choncho mtedza wauwisi usiyeni. Tiyi wa m'paketi yosatsegula kapena chitenje sizivuta. Chakudya chilichonse chomwe mwanyamula mulembe pa fomu yomwe amapereka mundege, ndipo nsapato zoyendera muzitsuke dothi lonse musanaziike m'chikwama.

NaPhiri_Maulendo

Febuluwale ndi wabwino koma ndi pomwe mipando ndi zipinda zimatha msanga, ndiye sungitsani pofika Ogasiti kapena Sepitembala. Ngati ndege ya pakati pa sabata ilipo chaka chimenecho, tengani masiku 10, kufika Loweruka kubwerera Lachiwiri la sabata inayo. Kuntchito mupemphe tchuthi chopitirira ndi masiku atatu, ndipo mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku munyamule a sabata ina yowonjezera.